Mtengo wa Chinthu Chakale: Kunenerera Malonda pa Msika ndi pa Intaneti

Nkhani yokambidwa kwa ophunzira ndi achinyamata ochita malonda mumzinda wa Chipata

 

Nkhani yanga iyambira pa chipangizo chimene ambiri timachigwira tsiku ndi tsiku osachiganizira: kiyibodi ya kompyuta, chija cha mabatani a zilembo chomwe timatayipira. Ku America, ku Ulaya ndi ku Asia kuli anthu amene amasakasaka makiyibodi opangidwa zaka 30 kapena 40 zapitazo. Amawalimbirana pa misika ya pa intaneti, ena pokweza mtengo pa okushoni, ena ponenerera mpaka wogulitsa atatsitsa. Ndasankha malonda amenewa chifukwa amaonetsa poyera mfundo imene ndikufuna kuti aliyense apite nayo kwawo: mtengo wa chinthu chogwiritsidwapo kale ntchito umachokera pa zimene wogula ndi wogulitsa akudziwa za chinthucho. Wodziwa zambiri ndiye amakhala ndi mphamvu pa malondawo. Tsono pali mafunso awiri oti tidzifunse. Tingatani kuti tizidziwa tisanatchule mtengo? Nanga tikadziwa, mnzathu wosadziwa tizichita naye bwanji?

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Chipata ndi mzinda wa malonda. Msewu wa Great East umatibweretsera katundu kuchokera ku Lusaka, ndipo malire a Mwami, pomwe mu 2022 anatsegula malo amodzi oonera katundu ndi ziphaso a mayiko onse awiri, amatilumikiza ndi Mchinji ndi Lilongwe. Katundu wambiri amene ali m'nyumba zathu anayamba watumikira anthu ena: zovala za salaula, zomwe anzathu a ku Malawi amati kaunjika, magalimoto ochokera ku Japan, mafoni ndi malaputopu. Malonda a salaula anakula mpaka katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, anawalembera buku lathunthu mu 2000. Chimene chasintha masiku ano n'chakuti malonda ambiri asamukira mu foni, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kumene munthu amagula chinthu chimene sanachikhudze, kwa munthu amene sanamuonepo.

Kiyibodi imene anthu amailimbirana

Mu 1985 kampani ya IBM inayamba kupanga kiyibodi yotchedwa Model M. Pansi pa batani lililonse anaikapo kasipuling'i koimirira. Munthu akadina batanilo, kasipuling'iko kamapanikizika kenako n'kupindika mwadzidzidzi, ndipo pakupindikapo m'pamene chilembo chimalowa mu kompyuta. Chala chimamva, khutu nalonso limamva kulira kwake, moti wotayipa amadziwa kuti chilembo chalowa popanda kuyang'ana. Mkati mwake muli chitsulo chophwatalala chimene chimaichititsa kulemera pafupifupi makilogalamu 2. Zilembo zake sanazipake pamwamba. Utoto unalowerera m'pulasitiki mwenimwenimo, n'chifukwa chake sizifufutika ngakhale papite zaka zambiri. Makiyibodi otchipa a lero amadalira timphira tofewa pansi pa mabatani, ndipo akafa amangotayidwa.

IBM inkapanga makiyibodiwa ku Lexington m'dziko la America, ku Greenock ku Scotland ndi ku Guadalajara ku Mexico. Mu 1991 ntchito yambiri inapita m'manja mwa kampani yatsopano ya Lexmark, ndipo mu 1996 kampani yaing'ono ya Unicomp, ya ku Lexington komweko, inatenga ntchitoyo n'kupitiriza kuwapanga.

Munthu wodziwa malondawa akaiona kiyibodi yotere, amayamba waitembenuza. Kunsi kwake kuli kapepala komata kolembedwa nambala ya mtundu wake ndi tsiku lenileni limene inapangidwa. Nambala yofala kwambiri ndi 1391401. Kenako amaigwedeza pafupi ndi khutu. Chitsulo chamkati chija chinamangidwa ndi timisomali tapulasitiki tomwe timathothoka ndi ukalamba, ndipo akamva tizidutswa tikusokosa mkatimo amadziwa kuti mabatani ena ayamba kufooka. Amawerenga mabatani ngati alipo onse, amayang'ana chingwe, amaonanso ngati pulagi yake ndi yozungulira ija ya PS/2, yomwe imafuna kachipangizo kena kuti ilowe pa USB ya kompyuta ya masiku ano. Chilichonse mwa zimenezi chimakweza kapena kutsitsa mtengo. Ya mtundu wofala, ikakhala ili bwino, imagulidwa madola makumi angapo, nthawi zina kupitirira 100. Ina yaifupi, yopanda mabatani a manambala a kudzanja lamanja, ndi yosowa, ndipo mtengo wake umaposa pamenepo kutali.

Ndikuchenjezeni msanga kuti ukalamba pawokha supatsa chinthu mtengo. Makiyibodi ochuluka zedi amene adzaza m'zipinda zosungira katundu m'maofesi ndi wamba, ndipo palibe wakunja angawafune. Chimene chimasiyanitsa wamba ndi wofunika ndi kapepala kaja, kulemera kuja ndi kulira kuja. Anthu awiri akhoza kuima pa tebulo limodzi akuyang'ana chinthu chimodzi, wina n'kuona chinyalala, wina n'kuona madola 100. Kusiyana kwawo n'kwakuti mmodzi anatenga nthawi yophunzira.

Kuno kwathu kiyibodi ili ndi mtengo winanso umene suwerengedwa m'madola. Makompyuta ambiri a m'masukulu a Zambia anabwera atagwirapo kale ntchito kunja, ena kudzera m'mabungwe monga Computer Aid International la ku Britain ndi Camara Education la ku Ireland. Ambiri mukukumbukira chaka cha 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta, ndipo m'masukulu ena anadikirana mpaka usiku chifukwa makompyuta anali ochepa. Kiyibodi wamba yogwira ntchito, imene wakunja sangaitole n'komwe, ndi chuma kwa mwana wa ku Vubwi kapena ku Chadiza amene sanaikepo zala zake pa mabatani. Mfundo imeneyi tibwereranso kwa iyo.

Mmene okushoni ya pa intaneti imayendera

Okushoni timaidziwa chifukwa cha fodya. Amene munafikako ku Kanengo ku Lilongwe munaona mabelo ali m'mizere, ogula akuyenda limodzi ndi woitanira mtengo, belo likugulidwa m'kanthawi kochepa. Pamenepo ogula amaonana nkhope, ndipo aliyense amamva mtengo wa mnzake. Pa intaneti zimayenda mosiyana, ndipo wosadziwa kusiyanako amataya ndalama.

Msika wotchuka wa mtundu umenewu ndi eBay, umene Pierre Omidyar anauyambitsa ku California mu Sepitembala 1995 ndi dzina loti AuctionWeb. Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa pamenepo chinali kachipangizo kake kolozera ndi kuwala kofiira, komwe kanali kakufa. Kanagulidwa madola 14.83. Omidyar analembera wogulayo kumufunsa ngati akudziwa kuti kachipangizoko n'kowonongeka, ndipo wogulayo anayankha kuti akudziwa ndipo akukafuna choncho. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa msika waukulu chotere unayamba ndi wogulitsa amene anaonetsetsa kuti wogula akudziwa chilema cha katundu wake.

Malamulo ake ali motere. Wogulitsa amaika zithunzi, mtengo woyambira, ndi tsiku ndi ola limene malonda adzatsekedwe, kawirikawiri pakatha masiku 7. Wogula amalemba mwachinsinsi ndalama yapamwamba imene angathe kulipira, ndipo kompyuta ya msikawo imamukwezera mtengo pang'onopang'ono, pokhapokha wina akamupitirira. Tiyerekeze kuti inu mwalemba madola 80, ndipo wachiwiri kwa inu walemba 60. Mudzapambana, koma simudzalipira 80. Mudzalipira 60 ndi kenakake kochepa kowonjezera, monga 61. Katswiri wa zachuma William Vickrey anafotokoza mu 1961 kuti pa okushoni imene wopambana amalipira mtengo wa wachiwiri, nzeru ndi kulemba mtengo weniweni umene chinthucho chili nawo kwa iwe, osawonjezera, osachepetsa. Ntchito yake pa nkhani zoterezi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1996.

Komabe ogula ambiri ozolowera salemba msanga. Amadikira mpaka patatsala masekondi ochepa kuti malonda atsekedwe. Alvin Roth ndi Axel Ockenfels anafufuza khalidweli n'kufalitsa zimene anapeza mu 2002. Anayerekeza eBay, kumene nthawi ikakwana yakwana, ndi okushoni imene Amazon inali nayo masiku amenewo, kumene nthawi inkawonjezedwa mphindi 10 wina akalemba mtengo kumapeto. Anapeza kuti kudikira mapeto kunali kofala kwambiri pa eBay, makamaka pa zinthu zamakedzana. Chifukwa chimodzi n'chomveka: munthu wodziwa akalemba msanga mtengo waukulu, ndiye kuti wauza onse kuti chinthucho n'chenicheni ndipo n'chofunika. Amabisa chidziwitso chake mpaka pamapeto chifukwa chidziwitsocho ndi ndalama.

Pa okushoni pali misampha iwiri. Woyamba ndi kutentha mtima. Wina akakupitirira, umamva ngati wakulanda chako, ndipo umakweza pofuna kumugonjetsa, chinthu chenichenicho utachiiwala. Mu 1971 akatswiri atatu a kampani ya mafuta ku America analemba kuti pa okushoni ya malo okumba mafuta, wopambana kawirikawiri amakhala uja amene anawerengera malowo mtengo wopitirira muyeso, moti kupambana kwake kumadzasanduka kuluza. Msampha wachiwiri ndi wogula wabodza: wogulitsa amagwirizana ndi mnzake kuti azikweza mtengo pomwe alibe cholinga chogula. Malamulo a eBay amaletsa zimenezi, koma zimachitikabe, monganso zimachitikira pa masiteshoni a basi pamene wina amanamizira kulimbirana foni kuti inu mufulumire kutulutsa ndalama. Mankhwala a misampha yonse iwiri ndi amodzi: lembani papepala ndalama yanu yomaliza mtima uli m'malo, malonda asanayambe, ndipo mtengo ukapitirira pamenepo, lekani. Kiyibodi ina idzabwera mawa.

Kunenerera: luso limene tili nalo kale

Malonda ambiri a pa intaneti lero sadutsa pa okushoni. Pa katundu wakale, ambiri amadutsa pa kunenerera. Mu 2005 eBay inayamba kulola wogula kutumiza mtengo wake kwa wogulitsa, amene angavomere, angakane, kapena angabweze mtengo wina. Facebook inatsegula msika wake wa Marketplace mu 2016, ndipo pamenepo pafupifupi chilichonse chimakambidwa m'mauthenga. Apa ife a ku Chipata tili patsogolo, chifukwa luso limeneli tinakulira nalo. Tamverani mmene zimayendera pa msika wa Kapata:

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?"

"Ndaswera. Jekete iyi ndi zingati?"

"K200, bambo. Yatuluka m'belo lero lomwe."

"Ndi yabwino ndithu, koma chotsaniko, amayi anga. Ndili ndi K120."

"Iyayi, bambo, pamenepo ndiye sindinabweze n'zomwe ndinaodera. Onjezani, mutenge pa K170."

"Tikumane pa K150."

"Tengani, bambo. Mudzabwerenso."

M'kukambirana kwakufupiku muli malamulo amene palibe anawalemba koma tonse timawasunga. Moni umayamba, mtengo umabwera pambuyo. Wogula sanyoza katundu. Amamuyamikira kenako n'kunena za thumba lake. Aliyense amasuntha pang'ono kuti mnzake asachite manyazi. Ukatchula mtengo wogulitsa n'kuvomera, umalipira, chifukwa mawu ako ndi ngongole. Mukalephera kugwirizana mumasiyana mwamtendere. Ndipo pa tomato kapena mtedza, wogulitsa wokondwa amaika mbasela kuti ubwenzi upitirire.

Akatswiri a zachuma Matthew Backus, Thomas Blake, Brad Larsen ndi Steven Tadelis anaunika zokambirana mamiliyoni ambiri za pa eBay n'kufalitsa zotsatira mu 2020. Anapeza kuti anthu amakonda kukumana pakati pa mitengo iwiri yomaliza, ndipo wina akasuntha, mnzake nayenso amasuntha. Zimene amayi a pa Kapata amachita tsiku lililonse n'zomwenso anthu a ku Chicago ndi ku London amachita pa kompyuta. Atatu mwa akatswiriwa anapezanso kuti wogulitsa woika mtengo wathunthu, monga 100 kapena 200, amalandira mitengo yotsika koma amagulitsa msanga, pomwe woika mtengo monga 198 amaoneka ngati wawerengera bwino ndipo sali pa changu.

Koma popeza anthu amakumana pakati, mtengo woyamba kutchulidwa uli ndi mphamvu yaikulu. Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anaonetsa mu 1974 kuti nambala yoyamba imene munthu wamva imakoka maganizo ake, ngakhale itakhala yopanda maziko. Wogulitsa laputopu yakale akayambira pa K9,000 pomwe yoteroyo imapita pa K4,000, inu n'kukondwera kuti mwamutsitsa mpaka K6,500, ndiye kuti mwanenerera bwino kuchokera poyambira polakwika. Pa Kapata zimenezi sizingatichitikire, chifukwa mtengo wa jekete timaudziwa. Tayenda mabenchi atatu tisanaime. Pa intaneti tiyeneranso kuyenda mabenchi. Pa eBay pali malo oonera zinthu zimene zagulidwa kale ndi mtengo umene zinagulidwira. Yang'anani pamenepo, chifukwa mtengo wotsatsira ndi chikhumbo cha wogulitsa, pomwe mtengo wogulidwira ndi zimene munthu anatulutsadi m'thumba. Pa malonda a kuno, funsani okonza mafoni ndi makompyuta awiri kapena atatu musanayankhe uthenga. Makolo anati safunsa anadya phula.

Ndikupempheninso kuti ulemu wa pa msika tipite nawo mu foni. Uthenga wongoti "mtengo womaliza?" wopanda moni, kapena kutchula theka la mtengo popanda chifukwa, umaumitsa mtima wa wogulitsa. Perekani moni, funsani za katunduyo, ndipo popempha kuti atsitse nenani chifukwa chooneka: batire ikutha msanga, batani limodzi palibe, chaja si yake. Kunenerera kotchula chilema chenicheni kumalemekeza onse awiri.

Malonda ndi m'maso

Akuluakulu amati malonda ndi m'maso. Pa intaneti chimene timataya ndi maso omwewo, pamodzi ndi manja ndi makutu. Kiyibodi ya pa chithunzi simungaigwedeze. George Akerlof analemba mu 1970 za msika wa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuonetsa zimene zimachitika wogulitsa akamadziwa chilema chimene wogula sangachione. Wogula, poopa kupusitsidwa, amangolipira mtengo wapakati. Mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo ndi wochepa, n'kuchoka pa msika. Zotsala zimakhala zoipa zokhazokha, ndipo mtengo umatsikirabe. Akerlof analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti wonama mmodzi amabera amalonda onse oona mtima a m'gulu lomwelo la WhatsApp, chifukwa mawa ogula adzakayikira aliyense.

Tsono wogula abweze maso ake ndi njira zimene zilipo. Pemphani vidiyo yojambulidwa nthawi yomweyo, chinthucho chikugwira ntchito, pambali pake pali kapepala kolembedwa dzina lanu ndi tsiku. Pa kiyibodi, awonetse kapepala ka kunsi ndipo adine batani lililonse. Pa foni, awonetse nambala ya IMEI ndi umboni wa kumene anaigula, chifukwa kugula chakuba ndi mlandu. Ngati wogulitsa ali mu Chipata momwemuno, kumanani masana pamalo a anthu ambiri, yesani katunduyo, kenako lipirani. Ngati ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, tumani wachibale kapena mnzanu wodalirika akaone katunduyo asanakwezedwe basi. Ndalama ya Airtel Money kapena MTN MoMo ikachoka m'foni mwanu n'kutapidwa pa buthu, kuibweza n'kovuta kwambiri. Onani dzina limene likutuluka musanaike PIN, ndipo likasiyana ndi la munthu amene mukukamba naye, imani kaye. Wokufulumizitsani kuti pali wina akufuna kutenga pompano akufuna kukulandani nthawi yoganiza.

Mukamagula kunja, werengani mtengo wonse. Kutumiza chinthu cha makilogalamu 2 kuchokera ku America kapena ku Britain kungadye ndalama yofanana ndi ya chinthucho, mwinanso kuposa. Onjezani msonkho umene bungwe la misonkho la ZRA lingafune, kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti, ndi mphamvu ya kwacha pa dola tsiku limenelo. Munthu akhoza kukondwera kuti watsitsa madola 5 ponenerera, n'kutaya 50 pa mtengo wotumizira umene sanaufunse. Chimodzimodzi wofuna kugulitsa kunja: ayambe wadziwa mtengo wotumizira ndi njira yolandirira ndalama asanalonjeze munthu.

Boma lili ndi mbali yake. Bungwe la CCPC, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2010 loteteza ogula, limamva madandaulo a anthu onamizidwa pa malonda, ndipo bungwe loona za mafoni ndi intaneti la ZICTA ndi apolisi amalandira malipoti a akuba a pa foni. Mukaberedwa, kanenani, musachite manyazi. Kukhala chete kumapereka mpata kuti wina aberedwenso ndi nambala yomweyo.

Pamene wodziwa zambiri ndi inu

Tafika pa funso lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu. Ambiri mwa inu mukuphunzira, muli ndi mafoni, mumawerenga Chingerezi. Posachedwa wodziwa zambiri pa malonda mudzakhala inu. Mudzapeza agogo akugulitsa makina otayipira a malemu amuna awo, wailesi yakale, kapena njinga ya Eagle ya ku fakitale ya Luangwa Industries imene inali muno mu Chipata. Mudzapeza kiyibodi yolemera ija pa mulu wa zitsulo. Mudzadziwa mtengo wake, mwiniwake sadzadziwa. Mudzatani?

Ife a chigawo cha Kum'mawa ululu wa nkhaniyi timaudziwa. Chaka ndi chaka, mbewu zikangouma, ogula oyendayenda amafika m'midzi ndi sikelo zawo, bungwe la boma logula mbewu la FRA lisanalengeze mtengo wa chimanga, mlimi asanamve kuti soya kapena mtedza zikupita pa zingati ku Lusaka. Mlimi ali ndi ngongole ndi zosowa za ana a sukulu, ndipo amagulitsa thukuta lake la chaka chonse pa mtengo wotaya. Makolo a ambiri a inu anakuphunzitsani ndi ndalama zotsala pa malonda otere. Kungakhale kulakwa kwakukulu ngati maphunziro amenewo mutawagwiritsa ntchito pochitira ena zimene zinachitikira makolo anu.

Ndimvetseni bwino. Kupindula ndi chidziwitso n'koyenera. Munataya nthawi kuphunzira, mwayenda kufunafuna, mudzatsuka ndi kukonza chinthucho, mudzadikira wogula, ndipo mwina sadzapezeka. Zonsezi ziyenera kulipidwa, ndipo simukakamizidwa kupereka kwa mwiniwake mtengo wa ku London. Koma pali malire atatu amene ndikupempha kuti musawadumphe. Oyamba: musaname. Musanene kuti chinthu n'chachabechabe pomwe mukudziwa kuti n'chofunika, ndipo pogulitsa musabise chilema chimene mukuchidziwa. Achiwiri: mwiniwake akakufunsani mwachindunji ngati chinthu chake chili ndi mtengo, muyankheni zoona. Achitatu: lipirani mtengo umene mungathe kuutchula pa bwalo, pamaso pa anyakwawa ndi ana a mwiniwakeyo, osagwetsa nkhope. Mtengo umene mungafune kuti ubisike ndi mtengo wachinyengo.

Palinso katundu amene sayenera kunenereredwa n'komwe. Makompyuta a sukulu, a chipatala ndi a maofesi a boma ndi a anthu onse, ndipo ali ndi njira yake yovomerezeka yowagulitsira akatha ntchito. Wokugulitsani kukhomo lakumbuyo akugulitsa zimene si zake. Inu akuluakulu a maofesi ndi mabungwe, musanataye zipangizo zakale, itanani wodziwa aziyese. Zogwira ntchito zipite kwa ana aja a ku Vubwi ndi ku Chadiza. Zosowa, ngati zilipo, zigulitsidwe poyera ndipo ndalamazo zilowe m'buku. Zakufa zisatenthedwe kuseri kwa nyumba pofuna waya wa kopa, chifukwa utsi wake ndi poizoni. Funsani a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA za katayidwe koyenera. Mapangano a Basel a 1989 ndi a Bamako a 1991 analembedwa kuti mayiko osauka asasanduke dzala la zinyalala zoopsa za mayiko ena, ndipo ifenso tisasandutse makomboni athu dzala lotero.

Pomaliza

Ndikusiyirani ntchito zitatu. Ophunzira, sankhani mtundu umodzi wa katundu, kaya mafoni, malaputopu, makina osokera kapena njinga, ndipo muuphunzire mpaka muzidziwa chaka, chilema ndi mtengo weniweni wa chilichonse. Munthu wodziwa chinthu chimodzi mozama sasowa ntchito. Amalonda, lembani zoona pansi pa chithunzi chilichonse, pamodzi ndi zilema. Mudzataya wogula mmodzi lero, koma mudzapeza ambiri okhulupirira mawu anu popanda kukangana nanu. Inu oyang'anira magulu a malonda a WhatsApp ndi Facebook, ikani malamulo omveka, chotsani onama, ndipo sungani mbiri ya ogulitsa okhulupirika monga momwe komiti ya msika imadziwira mwini benchi aliyense.

Pa intaneti munthu wa ku Kitwe, wa ku Lilongwe kapena wa ku Johannesburg sadzaona nkhope yanu. Adzangoona dzina lanu, dzina la mzinda wanu, ndi zimene ena akunena za inu. Chilichonse chimene mugulitsa moona chimawonjezera mtengo wa katundu wa mnzanu wa ku Chipata, ndipo bodza lililonse limautsitsa. Tiyeni tiphunzire kuti tisanamizidwe, tinenerere mwaulemu monga tinaleredwera, ndipo zimene tikudziwa tizigwiritse ntchito mwachilungamo, kuti wogula wakutali akamva kuti katundu akuchokera ku Chipata azilipira mtima uli pansi.